Phiri Lophika Chidulo ndi Abale Ake a ku Luangwa

Ife a kuno ku Madzimoyo tidakulira pakati pa mapiri ofatsa. Munthu akaima m'mbali mwa msewu waukulu ndi kuponya maso cha ku Chipata, amaona mapiri atatsatana mpaka ku malire a Malawi, ndipo mwa onsewo palibe ndi limodzi lomwe limene lidachitapo chinthu chodzidzimutsa chikhalire cha makolo athu. Utsi umene timauona pamwamba pake m'mwezi wa Ogasiti ndi wa Seputembala umachokera ku lupsa la anyamata osaka mbewa, kapena ku uvuni wa otentha makala. N'chifukwa chake chinenero chathu, ngakhale chili cholemera ndi mawu a mvula, a nthaka ndi a ng'ombe, chilibe liwu limodzi lotchulira phiri lotulutsa moto. Timachita kulumikiza mawu: phiri lophulika, phiri la moto, chiphalaphala cha pansi pa nthaka.

Komatu kufatsa kumeneku ndi kwa ukalamba chabe. Mwala wolimba wamawangamawanga uja amayi amayanikapo mphale, umene anyamata amauswa ndi nyundo kuti agulitse kwa omanga nyumba, sudali wolimba chotero pachiyambi. Akatswiri a miyala adauyeza napeza kuti m'malo ena a dera lino uli ndi zaka zoposa mamiliyoni 1,000, ndiponso kuti udali phala lotentha limene lidazizira pang'onopang'ono mkati mwa nthaka lisanapeze potulukira. Mvula ya zaka zosawerengeka idakokolola zonse zimene zidaukwirira, mpaka lero tikuupondaponda. Tikukhala pa mphika umene udaphulidwa kalekale. Koma moto wake sudazime paliponse, ndipo msewu womwewu umene timakwererapo basi ya ku Lusaka umadutsa pafupi ndi mboni zake. Tiyeni tiyende nawo, awerengi athu, maso ali gwa.

Tisananyamuke tiyambe ndi nsima. Mayi akangoomola mtanda ndi kuuika m'mbale, pamwamba pamachita kakhungu kozizirirapo, koma mwana wopupuluma akapisa chala mkati amalira. Dziko lapansi lili chimodzimodzi. Khungu limene timalimapo ndi kumangapo nyumba ndi lochindikala makilomita 30 kapena 40 basi kuno ku mtunda, ndipo munthu akamatsika, kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 25 pa kilomita iliyonse. Abale athu amene adagwirapo ntchito m'migodi ya ku Kitwe ndi ku Mufulira safunika kuuzidwa zimenezi, thukuta lake adalipukuta okha. Kunsi kwa khungulo kuli mwala wotentha koopsa, wolimba ndithu chifukwa cha kulemera kumene kwaupsinja, koma woyenda pang'onopang'ono monga phula la msewu padzuwa la Okutobala. Pamene khungu lang'ambika ndi kupyapyala, kupsinja kuja kumachepa, mwalawo umayamba kusungunuka, ndipo popeza chosungunuka n'chopepuka, chimafunafuna njira yokwerera kumwamba. Chikaipeza, pamenepo pamabadwa phiri la moto.

Tsono Africa yathu ikung'ambika. Mng'alu wake udayambira ku Nyanja Yofiira, nudutsa Ethiopia, nugawikana pawiri: nthambi ina idalowera ku Kenya ndi ku Tanzania, ina idazungulira cha ku Uganda ndi ku Congo mpaka kudzafika ku Malawi. Nyanja ya Tanganyika, yozama mamita 1,470, ndi nyanja ya Malawi, yozama mamita pafupifupi 700, si kanthu kena koma madzi amene adadzaza m'ming'alu imeneyi. Chigwa chathu cha Luangwa nachonso ndi mng'alu, koma wachikulire kuposa anzakewo, pakuti chidayamba kutsika zaka zoposa mamiliyoni 250 zapitazo. Mbali ziwiri za Africa zimatalikirana mamilimita owerengeka okha pachaka, liwiro losafika ndi pa kakulidwe ka chikhadabo. Nthawi zambiri palibe amene amamva. Koma a ku Salima adamva pa 10 Malichi 1989, pamene chivomezi chidagwetsa nyumba ndi kupha anthu, ndipo a ku Karonga adagona panja m'mwezi wa Disembala 2009, nthaka ikugwedezeka tsiku ndi tsiku.

Pa mlatho wa Luangwa

Kuchoka kuno, msewu umayenda pa mtunda wosalala kudutsa Katete, Sinda ndi mphambano ya Petauke. Pa Nyimba timagula nthochi, monga achitira aliyense. Kupitirira Kacholola dziko limasintha nkhope: msewu umayamba kukhotakhota, makutu amatseka, mphepo yolowa pa zenera imafunda, ndipo amene adavala juzi ku Chipata amalivula. Kutsika kumeneko ndiko kulowa mumng'alu. Pansi pake pali mlatho wopachikidwa pa zingwe zachitsulo umene udatsegulidwa m'chaka cha 1968, ndipo patsidya pali msika wa nsomba zouma, madengu ndi mphasa, pamene basi imapumira.

Ambiri tikatsika pamenepo maso amakhala pa nsomba. Koma tayang'anani cha kumwera. Mtsinjewo ukupita kukakumana ndi Zambezi ku boma la Luangwa, kumene kale kunkatchedwa Feira, moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique. Ndi cha kumeneko kumene Zwangendaba adaolotsa Angoni m'mwezi wa Novembala 1835, tsiku la kadamsana wa dzuwa. Ndipo m'tchire la kumwera chakumadzulo kwa mlatho, m'chigwa cha mtsinje wa Rufunsa, muli zitunda zinayi zimene mayina ake sawaphunzitsa kusukulu: Kaluwe, Nachomba, Mwambuto ndi Chasweta. Kuziona lero, n'zitunda wamba zomera mitengo ndi tsekera. Zaka pafupifupi mamiliyoni 100 zapitazo zidali mapiri a moto, zikuponya miyala ndi phulusa kumwamba.

Amene adazilongosola bwino ndi D. K. Bailey, katswiri wa m'nthambi ya boma yofufuza za miyala m'masiku a Northern Rhodesia, ndipo lipoti lake lidatuluka m'chaka cha 1960. Chimene chidamukopa sichidali kukula kwa zitundazo ayi, koma mtundu wa mwala wake. Mapiri a moto ochuluka pa dziko lapansi amatulutsa mwala wakuda wolemera, wonga umene mathithi a Mosi-oa-Tunya amagwerapo. Koma a ku Rufunsa adatulutsa mwala wa laimu, m'bale wake wa uja amaukumba ku Chilanga popanga simenti. Apa m'pamene padali mutu wa nkhani. Mwala wa laimu umadziwika kuti umapangika pansi pa madzi, kuchokera ku zigoba za nkhono ndi tizamoyo tina. Ndipo aliyense amene adatenthapo laimu adziwa kuti mwalawu ukapsa susungunuka, umangofumbutuka n'kusanduka ufa. Nanga ungatuluke bwanji m'phiri uli phala?

Funsoli lidali litavuta kale ku Nyasaland. M'chaka cha 1937 Frank Dixey ndi anzake adalemba za chisumbu cha m'nyanja ya Chilwa, nanena kuti laimu wa pamenepo adachokera ku moto wa pansi. Ophunzira ambiri a ku Ulaya adapukusa mitu. Mkangano wotere sutha ndi mapepala. Pamafunika wina woti adzionere ndi maso. Ndipo m'chaka chomwecho cha 1960, katswiri wina wachinyamata wa boma la Tanganyika, dzina lake J. B. Dawson, adatsikira m'kamwa mwa phiri lina la kumpoto kwa dzikolo, napeza mwala wa banja lomwelo ukutuluka uli wamadzimadzi. Phirilo ndi Ol Doinyo Lengai. Pa mapiri onse a moto a mtundu wa Kaluwe, ndi lokhalo limene likali moyo pa dziko lonse lapansi. Basi yathu idikire kaye pa mlatho, tipatuke tikalione.

Wamoyo wa m'banjamo

Wopita kumeneko kuchokera kwathu amadzera ku Nakonde ndi Tunduma, kapena ku Karonga n'kuoloka Songwe. Njira zonse ziwiri zimamufikitsa m'dera la Mbeya ndi Tukuyu, kumene kuli mapiri a moto oyandikira kwambiri kwa ife: Rungwe, Ngozi ndi Kyejo. Tikayeza molunjika pa mapu, kuchoka ku Chipata kukafika pa Rungwe ndi mtunda wofanana ndithu ndi wa ku Lusaka. Mapiri amenewa ali mtulo, sadafe. Kyejo lidatulutsa chiphalaphala cha m'ma 1800, ndipo pakamwa pa Ngozi padadzaza madzi obiriwira, nyanja yathunthu pamwamba pa phiri. Dziko lonselo ndi la tiyi ndi nthochi, nthaka yake yakuda bii. Koma ulendo ukali wautali: kudutsa Tanzania yense mpaka ku Arusha, kenaka Mto wa Mbu, ndipo kuchoka pamenepo msewu wafumbi wolowera kumpoto, m'chigwa chotentha cha Amasai, mpaka pa mudzi wa Engare Sero pafupi ndi nyanja ya Natron.

Lengai limaoneka munthu akali kutali. Lidaima lokha, losongoka ngati denga la nkhokwe, lalitali mamita pafupifupi 2,960, ndipo pamwamba pake pamaoneka ngati wina adawazapo ufa woyera. Dzinalo m'chinenero cha Amasai litanthauza Phiri la Mulungu, ndipo eni dziko akhala akupita m'tsinde mwake kukapempha mvula, ng'ombe ndi ana. Ife sitingawaseke. Makolo athu ankapita ndi ufa patsinde pa msolo, ndipo akadakhala ndi phiri lobangula usiku, tikudziwa kumene akadaloza.

Chimene chimatuluka m'phirili n'chosiyana ndi cha mapiri ena onse. Chiphalaphala wamba chimatentha madigiri 1,100 kapena kuposerapo, ndipo chimayaka psuu ngakhale masana. Cha Lengai chimatentha madigiri 500 mpaka 600 okha, theka la anzake. Masana sichiwala konse: chimaoneka chakuda ngati oyilo wotha ntchito wa m'galimoto, ndipo chimathamanga ngati madzi a m'ngalande. Usiku wokha m'pamene chimafiira pang'ono, monga khala lotsala pang'ono kuzima. Chikauma sichikhalitsa chili chakuda. Chinyontho cha mumpweya chikachikhudza chimayamba kuyera, ndipo pakapita masiku owerengeka chimakhala mbuu. Pakapita miyezi chimafumbutuka, munthu n'kuchipikitsa ndi zala.

Chinsinsi chake amayi a kwathu angachimvetse msanga kuposa aphunzitsi. Mayi akafuna kuphika therere amatentha zitsononkho kapena masangwi a mtedza, amaika phulusalo m'chitini chobooka, amathirapo madzi, ndipo zodontha pansi ndiye chidulo. Akasowa nthawi amagula soda wa m'sitolo. Mchere umene umapatsa mphamvu chidulo ndi umene uli mu soda ndi yomweyo imene yadzaza m'chiphalaphala cha Lengai, pamodzi ndi laimu. Kunena mwachidule, phirili limaphika chidulo, ndipo lakhala likuphika kwa zaka zikwizikwi popanda wolisonkhezera nkhuni. N'chifukwa chake mwala wake sulimba: mvula imausungunula monga madzi asungunulira phulusa m'chitini. Apa m'pamene lisiyanira ndi akuluakulu ake a ku Rufunsa, amene mwala wawo ndi wa laimu weniweni wolimba. Ndi a banja limodzi, koma si mapasa.

Nyanja ya Natron, imene ili m'tsinde mwa phirili, ndi yosaya, yowawa ndi soda, ndipo m'chilimwe imachita chikhungu chofiirira. Nyama zolusa zimaopa kupondamo. Pa chifukwa chimenechi mbalame zija za miyendo yaitali ndi nthenga zofiirira, zotchedwa flamingo, zidasankha pomwepo poikira mazira, ndipo zambiri za mtundu waung'ono wa mbalamezi zimene zimaoneka m'nyanja za kum'mawa kwa Africa zidaswedwa pamenepo. Phulusa la mapiri a m'derali, limene mphepo imaulutsira kumadzulo, lidagwera m'zidikha za Serengeti nilimeretsa udzu waufupi wonona. Ndi pa udzu umenewo pamene nyumbu zikwi mazanamazana zimasonkhana kudzabereka cha mu Febuluwale. Ife amene timadziwa nyumbu za ku Luangwa, zoyenda m'timagulu, sitingathe kuyerekeza khamu lotero. Pafupi ndi Engare Sero palinso mapazi a anthu oposa 400 amene adadindika m'matope a phulusa la phirili zaka zikwi zingapo zapitazo, nauma. Zala zake zikuoneka bwino lomwe, ngati anthuwo angodutsa m'mawa.

Okwera phirili amanyamuka pakati pa usiku, motsogozedwa ndi anyamata Achimasai, chifukwa masana dzuwa la m'chigwamo silichitira chifundo ndipo m'njira mulibe mthunzi kapena madzi. Amakwera ndi matochi pamphumi kwa maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Poyamba njira imadutsa m'maudzu. Kenaka udzu umatha, kutsala phulusa loterera limene limabweza phazi m'mbuyo. Chakumapeto phiri limaima chilili kotero kuti munthu amakwawa ndi manja. Fungo longa la mazira ovunda limawalonjera asanafike pamwamba, ndipo mphepo ya kumeneko imazizira mpaka mano kugundana, ngakhale moto uli pansi pa mapazi. Mphotho yake ndi m'bandakucha: nyanja ya Natron kumpoto, khoma lalikulu la mng'alu kumadzulo, ndipo kukayera bwino Kilimanjaro kum'mawa. Kutsika ndiko kumaliza mawondo.

Chaka cha 2007 chisanafike, alendo ankayenda ndi mapazi pakamwa penipeni pa phirili, pakati pa timapiri tosongoka tonga zulu za chiswe, tikulavula phala lakuda. Koma Lengai lili ndi nkhope ziwiri. Kwa zaka zambiri limangobwata mofatsa, kenaka limakwiya. Lidatero mu 1917, mu 1940 ndi mu 1966, ndipo kuyambira Seputembala 2007 mpaka m'chaka cha 2008 lidaponya phulusa makilomita angapo kumwamba. Msipu udakwiririka, Amasai adasamutsa ng'ombe zawo, ndipo pamene alendo ankayenda paja padasanduka chidzenje chozama mamita oposa 100. Kuyambira pamenepo okwera amangoima m'mphepete ndi kusuzumira.

Wina angafunse kuti, kodi munthu wanzeru zake angalipire ndalama kuti akazunzike usiku wonse pa phiri limene lingamuphe? Ife amene timakwera phiri pokhapokha tikafuna nkhuni kapena bowa timaona ngati misala ya anthu okhuta. Komabe tikaganiza bwino, chimene amakafuna kumeneko n'chomveka. Zonse zimene tidazipeza pa dziko, mapiri, miyala, zigwa, tidazipeza zitatha kale kupangidwa. Pa Lengai munthu amaona mwala umene dzulo kudalibe. Anzathu Achibemba ali ndi mwambi wawo wonena za mwana wosayenda, amene amatama amake okha pa kuphika nsima. Ndipo ndalama za oyendawo zimadyetsa mabanja a operekeza, a ophika ndi a amayi ogulitsa mikanda, m'dziko loumali.

Kumene mlendo amaona chokongola, mwini mudzi amaona mnansi woti akhale naye mochenjera. Izi adziwa bwino ndi a ku Goma, ku Congo, amene mzinda wawo uli m'tsinde mwa Nyiragongo, pa nthambi ina ija ya mng'alu. Kwa zaka zambiri alendo ankakwera phirilo ndi kugona m'tinyumba ta pamwamba kuti aone nyanja ya moto ikuwira usiku. Pa 17 Januwale 2002 nthiti ya phirilo idang'ambika, ndipo chiphalaphala chidadutsa pakati pa mzinda mpaka kukagwera m'nyanja ya Kivu. Chidakwirira mbali ina ya bwalo la ndege, chidatentha tchalitchi chachikulu cha dayosizi, anthu oposa 100 adafa, ndipo mazana a zikwi adathawira ku Rwanda. Pasanathe sabata ambiri adali atabwerera, mwala ukali wofunda, ndipo pambuyo pake adamanga mipanda ndi mwala womwewo umene udawadyera nyumba. Pa 22 Meyi 2021 phirilo lidachitanso, koma ulendo uno chiphalaphala chidaima m'mphepete mwa mzinda, chitapsereza midzi ya m'njira. Amene amadabwa kuti anthuwo sasamuka bwanji, afunse abale athu a ku Malambo chifukwa chake amabwerera ku dimba la m'mbali mwa mtsinje chaka ndi chaka, madzi atawakokololera mbewu. Nthaka yabwino ndi manda a makolo sizinyamulika pamutu.

Chinyunyu

Tibwerere ku basi yathu. Tisanachoke pa mlatho tinenepo chimodzi chokhudza alimi. Miyala ya banja la Kaluwe imakhala ndi fosifeti, chimodzi mwa zinthu zitatu zimene zili m'thumba la feteleza wa D Compound. Pa Kaluwe ofufuza adakumbapo kufunafuna chuma chimenechi, ndipo ku Malawi phiri la Tundulu ku Phalombe limadziwika nacho, pamene la Kangankunde ku Balaka lili ndi miyala yosowa yopangira maginito a m'makina amakono. Chaka chilichonse timakhala pa mzere kudikira feteleza wodula amene zopangira zake zambiri zimachokera kutsidya kwa nyanja. Sitikunena kuti chitunda chilichonse chingasanduke mgodi; kuchuluka kwa fosifeti m'mwala ndiko kumagamula. Tikungonena kuti manda a mapiri a moto si manda opanda chuma.

Msewu umakwera kuchoka m'chigwa, nudutsa mapiri okhotakhota mpaka pa Rufunsa. Kutsogolo pang'ono, m'dziko la Asoli, kutatsala makilomita pafupifupi 90 kuti munthu alowe mu Lusaka, pali Chinyunyu. Ambiri a ife tadutsapo kakhumi, kamakumi awiri, tili mtulo kapena tikuwerenga ndalama zotsala. Basi siima. Koma amene adatsikapo adziwa kuti pafupi ndi msewu pomwepo madzi otentha amatumphuka pansi usana ndi usiku, chilimwe ndi dzinja.

Tidaimapo m'mwezi wa Juni, m'mawa kukuzizira, ndipo nthawi yabwino yoonera malowo ndi imeneyo. Nthunzi imakwera m'mitengo ngati pali amayi ambiri ofulula mowa, koma palibe nkhuni, palibe mbiya, palibe utsi wolowa m'maso. Pamene madzi atulukira, chala sichikhalamo. Amayenda m'kamfuleni, akuzizira pang'onopang'ono, ndipo munthu amasankha yekha malo omuyenera: apa n'pochapira, apo n'posambira. Miyala ya m'mbali idachita ndere zoterera, ndipo mumpweya muli kafungo kaja ka mazira, kochepa chabe. Munthu wa ku Madzimoyo, amene dzina la kwawo limatama madzi, amaima pamenepo kakasi, pakuti madzi a pa chitsime chathu sadayambe atulukapo ali ofunda.

Asatinamize wina kuti pansi pa Chinyunyu pali phiri la moto limene likufuna kuphulika. Madziwo ndi a mvula yomweyi. Amalowa pansi kudzera m'ming'alu ya miyala, natsika makilomita awiri kapena atatu, kumene mwala ndi wotentha mwachibadwa monga tanena kale, ndipo akapeza mng'alu wina wotseguka amakwera msanga asanazizire. Ndi mpweya chabe wa moto uja, osati lawi lake. M'Zambia muno akasupe otere adawerengedwa oposa 80. Ena ali pafupi ndi ife kuposa Chinyunyu: ku Nsefu, m'nkhalango ya South Luangwa, kasupe wa Chichele amatulutsa madzi otentha amchere pakati pa chidikha, ndipo m'chilimwe mbalame zazitali zija zovala chisoti chagolide pamutu zimasonkhanapo mazanamazana. Alendo ochokera ku Ulaya amakwera ndege mpaka ku Mfuwe kudzaona zimenezi, ife tili pa mtunda wa makilomita 130 chabe.

Pa Chinyunyu tidaona anthu akutunga madzi m'zigubu kupita nawo kwawo, ati ndi mankhwala. Pamenepa tilankhule mosabisa. Madzi ofunda amapepuza msana ndi mawondo a nkhalamba, ndipo wotopa ndi ulendo akasamba amagona tulo tabwino. Zimenezo n'zoona, ndipo n'zokwanira. Koma wodwala shuga, chifuwa chachikulu kapena wakumwa mankhwala otalikitsa moyo asataye mapiritsi ake chifukwa cha chigubu cha madzi a pa Chinyunyu. Tidaonanso mapepala a sopo ndi mabotolo apulasitiki atatayidwa m'kamfuleni, ndipo amene adawataya si a ku Ulaya ayi, ndi apaulendo onga ife tomwe.

Kutentha kumeneku kuli ndi ntchito ina yoposa kuchapa. Tonse tikukumbukira chaka cha 2024, pamene chilala chidaumitsa chimanga m'minda, boma nililengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi, ndipo madzi a ku Kariba adatsika kotero kuti magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Zigayo zidaima, owotcherera zitsulo ku Kapata adakhala manja lende, ana adawerengera mayeso pa kandulo. Ku Kenya, pa malo otchedwa Olkaria, adaboola nthaka pafupi ndi mapiri a moto natulutsa nthunzi yozunguza makina. Adayamba m'chaka cha 1981, ndipo m'zaka zaposachedwapa magawo pafupifupi 40 pa 100 a magetsi a dzikolo akhala akuchokera pansi pa nthaka, mvula igwe isagwe. Kwathu kuno kutentha kwake n'kocheperapo, chifukwa tilibe phala lamoto pafupi ndi khungu la dziko monga iwo. Komabe kuyesa kudachitikapo. Cha m'ma 1986, ndi thandizo la boma la Italy, adamanga timakina pa akasupe a Kapisya m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, koma sitidafike popereka magetsi kwa anthu. M'zaka za pambuyo pake ofufuza ena adaboola zitsime ku Bweengwa, pafupi ndi Lochinvar ku chigawo cha kumwera, napeza madzi otentha kuposa owira pamoto.

Wofuna kuona Chinyunyu apangane ndi anzake, akwere galimoto laling'ono limene lingaime, kapena atsike basi pomwepo n'kudzapitiriza ndi minibasi ya ku Chongwe. Atenge chitenje chopukutira ndi thumba lobwezeramo zinyalala zake. Ana agwidwe padzanja pofika pamene madzi atumphukira, chifukwa m'mawa wa Juni nthunzi imabisa m'mphepete, ndipo madzi ake ndi oyera mbee, ooneka ngati a pa chitsime china chilichonse.